Ndadula Zikhadabo

Anati tibwere titadula zikhadabo.
Ndiye ndakhala pa ndowa yovundikira
kuseri kwa katani wogawa chipinda chathu pawiri,
lezala m'manja, chimodzichimodzi,
utoto wofiira wa pa Khirisimasi
ukuyoyokera pa nyuzi yakale.

Ndolo ndavula.
Mphete yakana, mpaka ndaipaka sopo.

Kunja Rosettenville akukazinga tchipisi,
maminibasi akulalatirana pa mphambano,
magetsi athima, monga mwa mwambo wawo,
tisanathe n'kuphika komwe.

Ndaziona akuseka mbali inayo ya katani:
"Iwe mayi wa Mvano, wa ku Bilila,
ukufuna uzikauluka ngati a m'kanema?"
Sindikumuyankha.
Iye panalibe pa mlatho paja, kufupi ndi Park Station,
Lachisanu la mu Juni, mphepo ikucheka makutu,
mkono utachokera kumbuyo
wonunkha fodya ndi thukuta la dzana
n'kundizinga pakhosi.
Anthu mazanamazana ankandilambalala
ngati madzi polambalala mwala.

Foni inapita, ipite.
Fizi ya Lonjezo inapita, ndinakongola ina.
Chimene chimandidzutsa usiku n'chakuti sindinakuwe.
Mawu angawa, oyambitsa nyimbo tchalitchi chonse n'kuvomera,
tsiku limenelo anathawa
n'kundisiya ndekha.

Buluku la masewera ndagula pa kaunjika m'tauni,
marandi makumi anayi,
mwini wake woyamba anali wamtali ngati mlongoti,
ndapinda katatu.
Madzi ndathira m'botolo la sobo.
Kapepala ndinakathothola pa khoma la kiliniki
kali m'Baibulo, pa Masalimo:
holo ya ku Turffontein, Loweruka, naini koloko,
oyamba kumene bwerani.

Pa foni yobwereka ndinaulula zonse kwa Sisi Refilwe:
zaka makumi anayi ndi chimodzi,
thupi ndi ili, lolemera,
bondo lamanzere limadandaula pa masitepe a abwana.
Anaseka pang'ono, osati mondinyoza.
Anati tsiku loyamba samenya munthu.
Amaphunzira kuima,
amaphunzira kugwa,
kenako kukuwa.

Kugwa!
Ndinawoloka Mwanza, Nyamapanda, Beitbridge,
masiku awiri miyendo itatupa m'basi,
kudzalipira munthu kuti andiphunzitse kugwa?
Komatu mwina n'zoona.
Kugwa ndagwapo kambiri,
koma palibe anandiuzapo poika mutu.

Mantha ena ndi aang'ono, oluma ngati nsikidzi.
Kodi pakhomo adzafunsa pasipoti?
Kodi atsikana a ma sikipa owala
adzayang'ana zidendene zanga zong'aluka?
Nanga pokuwapo, ndidzakuwe m'chinenero chanji,
Chizulu changa cha m'minibasi
kapena Chingelezi cha m'khitchini ya eni ake?

Ndaima pa kagalasi kosweka ngodya, kandulo pambali.
Ndakunga chibakera. Chikuoneka chobwereka.
Chala chachikulu sindikudziwa kuti chikhale kunja kapena mkati.
Komabe manja awa
amafinya mabulangete a banja la anthu asanu ndi mmodzi,
amanyamula nkhalamba ya abwana kuchoka m'bafa
osaigwetsa ndi tsiku limodzi lomwe.
Palibe anawauzapo kuti angagwirenso ntchito yanga.

"Ayi," ndayesa.
Atuluka ngati ndikukana tiyi kwa apongozi.

Ndatambasula miyendo. Ndakoka mpweya
mpaka pansi pa mchombo, pamene pamachokera nyimbo.

"AYI!"

Supuni yagwa m'manja mwa Ndaziona.
Galu wa pa nambala seveni wayamba kuuwa.
Bambo wa ku Beira uja wagogoda khoma,
akufunsa ngati kuli bwino.

Kuli bwino, achimwene. Gonani.

Tazima kandulo.
Buluku lili pa mpando, miyendo yopinda, likudikira.
Patapita nthawi, ndimayesa wagona,
katani wagwedera.

"Esinala."
"Ee."
"Amati ndi zingati pa mwezi?"

Ndamuuza.
Chete.

Kenako dzanja latulukira pansi pa katani:
"Tabwereke lezalayo."